Ma volt, ma amp, ma ohm ndi ma watt: masamu amene ali kuseri kwa ekisitenshoni yosungunuka

Pali mafunso ena omwe sasowa m'magulupu a WhatsApp nkhani ya magetsi ikangoyamba. Bwanji ketulo ikuchedwa kuwira madzulo pomwe m'mawa imawira msangamsanga? Bwanji ekisitenshoni yasungunuka koma bureka ya m'nyumba sinagwe n'komwe? Nanga waya wochoka ku batire ya sola kupita ku inveta ukutentheranji chonsecho ndi wonenepa kuposa wa ayironi? Ndiye mayankho amabwera ambirimbiri, wina ati ndi ESCOM, wina ati katundu wa masiku ano ndi feki, wina ati amene anakuyikirani mawaya m'nyumba ankangophunzirirapo, ndipo mwina aliyense ali ndi mbali yake yoona. Koma pansi pa mafunso onsewa pali manambala anayi okha basi, voteji, karenti, resistance ndi ma watt, ndipo anayiwa anamangana mwakuti mukadziwa awiri, awiri enawo mumawapeza ndi kakyuleta ya pa foni yanu yomweyo.

Voteji

Ganizirani thanki ya madzi ija imakhala pa nsanja kuseri kwa nyumba kapena pa sukulu. Nsanja ikakhala yaitali madzi amatuluka pa mpopi mwaukali, ikakhala yaifupi amangobwera mwaulesi. Voteji ndi kukankha kumeneko, ndipo kukankhaku kumakhalapo ngakhale mpopi uli wotseka, n'chifukwa chake soketi yomwe simunalowetsemo kanthu imakhala ili ndi ma volt ake 230 (230 V) ikungodikira. Thanki imeneyi tiyenda nayo mpaka kumapeto, siifotokoza zonse koma imathandiza.

Dzina loti volt linachokera kwa Alessandro Volta wa ku Italy, amene mu 1800 anapanga batire yoyamba posanjikiza timbale ta zitsulo zamitundu iwiri, pakati pake n'kuikapo kansalu konyowetsedwa ndi madzi a mchere. Asanatero anthu magetsi ankangowadziwa ngati chinthu chothetheka kamodzi n'kutha, iyeyu ndi amene anapereka magetsi oyenda mosalekeza oti munthu n'kukhala nawo pansi kuwayeza. Mayina a volt, ampere ndi ohm anadzagwirizanidwa ndi mayiko pa msonkhano wa akatswiri a magetsi ku Paris mu 1881.

Batire ya tochi ndi 1.5 V, chaja wamba ya foni imatulutsa 5 V, batire ya galimoto ndi 12 V, soketi ya kwathu kuno ndi 230 V monganso ku Zambia, South Africa ndi Britain, pomwe ku America ndi 120 V. Chofunika kugwira apa n'choti voteji nthawi zonse imakhala kusiyana kwa malo awiri. Mbalame yotera pa waya wa 11,000 V siifa chifukwa miyendo yake yonse iwiri ili pa waya umodzi womwewo, palibe kusiyana, koma itangokhudza waya wachiwiri kapena chitsulo cha pa polo nkhani yake yathera pomwepo.

Karenti

Mukatsegula mpopi madzi amayenda, ndipo kuchuluka kwa madzi odutsa mu paipi pa sekondi iliyonse ndiye karenti, timaiyeza mu ma amp, mwachidule A. Mu waya zimene zimayenda ndi ma electron, tizinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo 1 A ndi ma electron oposa 6,000,000,000,000,000,000 odutsa pa malo amodzi pa sekondi, nambala yoti simungaigwiritse ntchito pena paliponse koma ndi bwino kungoiona. Dzinali ndi la André-Marie Ampère wa ku France. Mu 1820 Hans Christian Ørsted wa ku Denmark anaona kuti singano ya kampasi imatembenuka ikayandikira waya womwe mukuyenda magetsi, Ampère atamva anaithamangira nkhaniyo n'kuipezera masamu ake m'miyezi yochepa.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Soketi siikankhira chipangizo chanu karenti yomwe yafuna, chipangizo ndi chimene chimakoka karenti yomwe chikufuna. Soketi yomweyo mukalowetsa chaja ya foni pamadutsa kachidutswa kochepa ka amp, mukalowetsa ketulo pamadutsa pafupifupi 9 A, voteji ndi yomweyo 230. Ndiye mukaona fyuzi ya m'pulagi yalembedwa 13 A sizikutanthauza kuti imapereka 13 A, ikungonena malire oti akadutsidwa kwambiri iyo ipsa kuti waya wanu asapse.

Resistance ndi lamulo la Ohm

Paipi yaing'ono, yaitali kapena yodzaza ndi dzimbiri imachepetsa madzi ngakhale thanki ili pamwamba bwanji. Resistance ndi kukaniza kumeneko, timaiyeza mu ma ohm, chizindikiro chake ndi Ω.

Georg Simon Ohm anali mphunzitsi wa masamu pa sukulu ya sekondale ku Cologne m'dziko la Germany, mwana wa munthu wokonza maloko, ndipo luso la zitsulo lomwe anaphunzira kwa bambo akewo linamuthandiza kudzipangira yekha mawaya a makulidwe osiyanasiyana oyezera. Mu 1827 anatulutsa buku losonyeza kuti karenti yodutsa mu waya imakwera molingana ndi voteji, imatsika molingana ndi resistance. Akatswiri a kwawo sanamulandire bwino, munthuyo anasiya ntchito n'kuvutika zaka zingapo, mpaka mu 1841 a Royal Society ku London anamupatsa mendulo ndi pomwe kwawo anayamba kumuwerengera. Chosangalatsa n'choti Henry Cavendish wa ku England anali atazipeza kale zofanana ndi zimenezi cha mu 1781, popanda mita iliyonse, ankangodzigwiritsa shoko yekha n'kumayerekeza kuwawa kwake, koma sanasindikize, zolemba zake anadzazitulutsa ndi James Clerk Maxwell mu 1879. Kukanakhala kuti anasindikiza bwenzi lero tikuwerengera ma cavendish.

Lamulolo ndi ili: V = I × R. V ndi voteji, I ndi karenti, R ndi resistance. Mukafuna resistance mumagawa voteji ndi karenti, R = V ÷ I. Mukafuna karenti mumagawa voteji ndi resistance, I = V ÷ R. Basi, ndi limodzi lomwelo longotembenuzidwa. Babu ya galimoto ikukoka 2 A pa 12 V, resistance yake ndi 12 ÷ 2, ma ohm 6. Mbaula ya magetsi ikukoka 4.6 A pa 230 V, resistance yake ndi 230 ÷ 4.6, ma ohm 50.

Resistance ya waya imadalira zinthu zitatu zazikulu, utali wake, kunenepa kwake ndi chitsulo chomwe anapangira. Waya wa kopa wa 2.5 mm², uja wa masoketi, uli ndi pafupifupi 0.007 Ω pa mita imodzi, wa 1.5 mm² wa mababu uli ndi pafupifupi 0.012 Ω. Aluminiyamu amakaniza kuposa kopa pafupifupi kamodzi ndi theka, n'chifukwa chake mawaya ena otchipa omwe kunja amaoneka ofiira ngati kopa koma mukapala m'kati muli moyera amatentha msanga pa katundu yemweyo. Pomwe kawaya kofiira moto ka mu mbaula ndi mu ayironi ndi ka nichrome, kamakaniza kuposa kopa maulendo opitirira 60, ndipo anakasankha dala chifukwa kumeneko kutentha ndiye ntchito yake.

Ma watt

Ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire mphamvu ya makina imadalira zinthu ziwiri, kutalika kwa pomwe madzi akugwera ndi kuchuluka kwa madzi akugwawo, chimodzi chikachepa magetsi achepa. Mu waya ndi chimodzimodzi, kukankha kutaimusa ndi kuyenda: P = V × I, P ndi mphamvu, yankho lake ndi ma watt, mwachidule W. Dzinali ndi la James Watt wa ku Scotland, wa injini za nthunzi uja, yemwenso anafalitsa muyezo wa horsepower umene mumauona pa mota ya chigayo kapena pa pampu ya madzi, 1 hp ndi pafupifupi 746 W.

Tengani ketulo yanu muitembenuze, pansi palembedwa mwina 2,000 W, 230 V. Manambala awiri mwawapeza kale. Karenti ndi 2,000 ÷ 230, yomwe ndi 8.7 A. Resistance ndi 230 ÷ 8.7, pafupifupi 26.4 Ω. Simunayeze chilichonse, mwangowerenga lebulo. Kuti muone kukula kwa manambalawa, pomwe namondwe Ana anaononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya pafupifupi 130 MW, ndiye kuti ma watt 130,000,000, okwanira maketulo ngati amenewa 65,000 kuwira nthawi imodzi.

Mukaphatikiza P = V × I ndi lamulo la Ohm mumapeza njira zina ziwiri zachidule. Yoyamba P = I × I × R, yomwe James Prescott Joule wa kufupi ndi Manchester anaipeza cha mu 1840 poviika mawaya m'madzi n'kumayeza mmene madziwo akutenthera. Yachiwiri P = V × V ÷ R. Ndiye apa ndi pomwe ana asukulu ngakhale amisiri ena amakanganirana, chifukwa yoyambayo ikuoneka ngati ikunena kuti resistance ikakula kutentha kumakula, yachiwiriyo ikunena kuti resistance ikakula kutentha kumachepa, ndiye zoona ndi ziti?

Zonse ndi zoona, funso ndi loti chomwe sichikusintha ndi chiti. Pa chipangizo chomwe mwalowetsa mu soketi chosasintha ndi voteji, 230, ndiye resistance yaing'ono imalola karenti yambiri ndipo ma watt amachuluka, n'chifukwa chake ketulo ya 2,000 W ili ndi ma ohm 26 okha pomwe babu yakale ya 100 W ili ndi 529. Koma pa waya wopititsa magetsi ku ketuloyo, kapena pa joini, kapena pa mano a pulagi, chosasintha ndi karenti, chifukwa ketulo yalamula kale kuti ikufuna ma amp ake pafupifupi 9 ndipo onsewo akuyenera kudutsa pamenepo, ndiye resistance ikangokwera pang'ono pamalopo kutentha kumakwera nayo. Sikuluu yakhwepa m'soketi, pabwera 0.5 Ω yokha, pakudutsa 10 A, 10 × 10 × 0.5 ndi ma watt 50 akutulukira pa kamalo kochepa ngati njere ya chimanga, m'kati mwa pulasitiki. Soketi zakuda zopsa zija zambiri chiyambi chake ndi chimenechi, ndipo bureka siingaone chilichonse chifukwa 10 A kwa iyo ndi karenti yabwinobwino.

Ekisitenshoni nayo masamu ake ndi omwewa. Yabwino imalembedwa 13 A, kutaimusa ndi 230 ndi ma watt 2,990, tingoti 3,000. Mwalowetsamo ketulo ya 2,000, ayironi ya 1,200 ndi mbaula ya 1,000, zonse pamodzi 4,200 W, kugawa ndi 230 ndi 18.3 A. Pulagi yake ikakhala ndi fyuzi yeniyeni fyuziyo imatentha ndipo karenti ikakwerabe imapsa, koma ambiri aife fyuzi ikapsa timakulungapo kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, ndipo ma ekisitenshoni ena alibiretu fyuzi komanso kawaya kake m'kati ndi kowonda kosafika n'komwe pa 13 A yolembedwayo. Bureka ya masoketi pa bolodi nthawi zambiri imakhala ya 20 A kapena 30 ndi 32 A, inaikidwa kuti iteteze waya wa m'khoma osati ekisitenshoni yanu, ndiye 18 A imangoidutsa mwaulemu. Ndipo chifukwa karenti imataimusidwa kawiri, kuchoka pa 9 A kufika pa 18 A kutentha kwa mu waya sikuwirikiza kawiri ayi, ndi kanayi.

Mayunitsi

Ma watt amanena liwiro lomwe chipangizo chikudyera magetsi, yunitsi imanena zomwe zadyedwa, monga madzi omwe adzaza mu ndowa mpopi utatsegulidwa kwa nthawi yakutiyakuti. Yunitsi imodzi pa mita yanu ndi 1 kWh, ma watt 1,000 kwa ola limodzi. Giza ya 3,000 W ikayaka maola 2 yadya mayunitsi 6. Babu ya LED ya 9 W kuti imalize yunitsi imodzi ikufunika maola opitirira 110. Kuwiritsa lita imodzi ya madzi mu ketulo ndi pafupifupi 0.1 ya yunitsi. Ndiye amene mumakalipira ana chifukwa chosiya chaja pa khoma pomwe giza yakhala yoyaka tsiku lonse, kakyuleta ikuti mukukalipira olakwika.

Magetsi ofooka a madzulo

Madzulo nyumba zonse za pa thiransifoma imodzi zimayatsa mbaula nthawi imodzi, karenti mu mawaya a pa mapolo imakwera, ndipo popeza mawayawo ali ndi resistance yawo, V = I × R ikunena kuti ma volt ena atsalira m'njira. Nyumba za kumapeto kwa laini ndi zomwe zimamva kwambiri. Tiyerekeze kuti kwanu kwafika 180 V. Ketulo ija resistance yake ikadali pafupifupi 26.4 Ω, ndiye 180 × 180 ÷ 26.4 ndi ma watt pafupifupi 1,230. Voteji yatsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu koma mphamvu yatsika pafupifupi ndi magawo awiri mwa asanu, madzi omwe amawira mu mphindi 3 akutenga pafupifupi 5. Mayunitsi owiritsira madziwo sasintha kwenikweni, mwangodikira nthawi yaitali.

Masamu omwewa mukawatembenuza ndi amene amapha katundu wotumizidwa ndi achibale kuchokera ku America. Chowumitsira tsitsi cha 120 V mukachilowetsa mu 230 V voteji yakwera pafupifupi kawiri, ma watt akwera kupitirira katatu ndi theka, utsi pompo. Chaja ya laputopu kapena ya foni imapulumuka chifukwa zambiri zimalembedwa 100-240 V, werengani kaye lebulo musanalowetse.

Sola ya 12 V

Apa ndi pomwe P = V × I imapweteka anthu ambiri omwe agula sola chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. Mwalumikiza katundu wa 600 W ku inveta. Mbali ya 230 V karenti ndi 2.6 A yokha, kawaya kalikonse kakwanitsa. Koma ma watt 600 omwewo akuchokera ku batire ya 12 V, ndiye 600 ÷ 12 ndi 50 A, ndipo zoona zake ndi kupitirirako chifukwa inveta nayo imadyako zake. Mmisiri waika waya wa 2.5 mm² chifukwa ndi womwe unatsala pomanga nyumba, batire ili mamita 3 kuchoka pa inveta, kupita ndi kubwera ndi mamita 6, resistance 0.042 Ω, kanambala kooneka ngati kopanda ntchito. Koma 50 × 50 × 0.042 ndi ma watt 105 akungotenthetsa waya, ndipo 50 × 0.042 ndi 2.1 V yotayika m'njira, ndiye batire ili pa 12.2 V koma inveta ikuona 10.1 V n'kuyamba kulira kuti batire yatha, mwiniwake n'kupita kukakangana ndi wogulitsa batire pomwe vuto ndi waya. Katundu yemweyo pa 24 V karenti ndi 25 A, zotayika mu waya womwewo ndi ma watt 26, pa 48 V ndi osakwana 7.

N'chifukwa chomwechi magetsi ochoka ku Shire sayenda pa 230 V kupita ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Amawakweza kufika pa 66,000 V, 132,000 V, ndipo laini ya Phombeya ku Balaka kukafika ku Nkhoma ndi ya 400,000 V. Kunyamula ma watt omwewo pa 400,000 m'malo mwa 132,000 karenti imatsika katatu, zotayika pa waya wofanana zimatsika pafupifupi ka 9.

Za batire ndingowonjezera kuti 100 Ah (ma amp kutaimusa ndi maola) kutaimusa ndi 12 V ndi 1,200 Wh, ndiye kuti yunitsi 1.2 basi, ndipo pa mabatire a asidi amalangiza kugwiritsa ntchito theka lokha kuti ikhalitse. Batire yolemera yoti anthu awiri anyamulizane ija ili ndi magetsi osakwana kuyatsa giza kwa theka la ola.

Pomwe masamuwa amayamba kuterereka

Zonse tanenazi zimagwira bwino pa zinthu zotenthetsa, ketulo, ayironi, mbaula, giza, chifukwa nichrome resistance yake siisintha kwambiri ikatentha. Zinthu zina sizili choncho. Babu yakale ya 100 W ija tapeza kuti ili ndi 529 Ω, koma mukaiyeza ndi mita ili yozizira mupeza ma ohm 40 kapena chapompo, palibe yemwe walakwitsa, kawaya ka tungsten kamakaniza kwambiri kakatentha, ndiye pa kamphindi koyatsa kaja pamadutsa karenti yoposa ka 10 ya nthawi zonse, n'chifukwa chake mababu amenewa ankakonda kupsa pomwe mwangodina switchi. LED ndiye siitsatira n'komwe mzere wa Ohm, pansi pa voteji inayake siidutsitsa kanthu, mukapitirira pang'ono karenti imalumpha. R = V ÷ I mutha kuiwerengerabe koma yankho lake ndi la nthawi yomweyo yokha, mukasintha voteji nambala isinthanso.

Mota ya filiji kapena ya pampu imachita zosiyana ndi ketulo. Voteji ikatsika ntchito yomwe ikukankha siichepa, ndiye nthawi zambiri imakoka karenti yochuluka, mawaya ake a m'kati amatentha, ndipo poyamba kuzungulira imakoka kangapo kuposa zolembedwa pa lebulo. Ndiye magetsi ofooka ketulo amangoichedwetsa koma filiji atha kuipha.

Kenako pali nkhani yoti magetsi a m'soketi ndi AC, amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi. 230 V ija si nsonga yake, nsonga imafika pafupifupi 325 V, 230 ndi nambala yomwe imatenthetsa mofanana ndi batire ya 230 V itakhalapo. Mu mota ndi mu zipangizo zambiri za ma electronics karenti siiyenda ndendende pamodzi ndi voteji, ndiye V × I imakupatsani ma VA (ma volt-amp) osati ma watt, kuti mupeze ma watt mumataimusanso ndi nambala yotchedwa power factor, yomwe siipitirira 1. Inveta kapena jenereta yolembedwa 1,000 VA pa power factor ya 0.8 ndi ya 800 W. Apa fanizo la thanki lija latha ntchito, madzi sapita n'kubwerera mu paipi.

Thupi la munthu nalo ndi resistance

Mkangano woti chimapha ndi ma volt kapena ma amp ndi wakale. Chomwe chimasokoneza mtima ndi karenti yodutsa m'thupi, koma karentiyo siingadutse popanda voteji yoikankha, I = V ÷ R basi. Khungu louma limakaniza kwambiri, ma ohm masauzande ambiri, lonyowa limatsika kufika cha pa 1,000 Ω, ndiye 230 ÷ 1,000 ndi 0.23 A, kapena kuti 230 mA (1 A ndi 1,000 mA), pomwe earth leakage, bureka yoteteza anthu ku shoko, anaipanga kuti izigwa pa 30 mA yokha. Batire ya galimoto imatha kutulutsa ma amp mahandiredi koma mukagwira mitu yake ndi manja ouma simumva kanthu chifukwa 12 V siikwanitsa kukankha karenti pa khungu, koma sipanala ikagwera pa mitu iwiriyo resistance ndi pafupifupi ziro, chitsulo chimafiira.

Kwa amene muli ndi multimeter, voteji mumayeza pogusa nsonga ziwiri pa malo awiriwo, resistance mumayeza chinthu chili chozimitsa komanso chochotsedwa pa magetsi, karenti ndiye imafuna kuti mita ilowe mu mzere wa waya kapena mugwiritse ntchito mita ija yongopana waya umodzi. Mita ili pa A musailowetse m'mabowo a soketi, m'kati mwake resistance ndi yochepetsetsa, mwapanga shoti ili m'manja mwanu. Za m'bolodi ndi za pa mita ya ESCOM zisiyireni amisiri ovomerezeka.

Zomwe kakyuleta siingayankhe

Masamu onsewa amayambira pa lebulo, nanga lebulo ikamanama? Panelo ya sola ma watt ake amayezedwa pa dzuwa la 1,000 W pa sikweya mita ndi kutentha kwa 25°C, padenga la malata mu Okutobala panelo imatentha kuposa pamenepo ndipo imapereka zochepa ngakhale ili yeniyeni, ndiye wogula asiyanitsa bwanji yeniyeni yotentha ndi yabodza yongomatidwa sitika? Ena amati udindo ndi wa a Malawi Bureau of Standards ndi MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, kugwira katunduyo asanafike pa msika, ena amati katundu woyezedwa bwino amakwera mtengo ndipo anthu ambiri akumudzi sangafikire sola konse.

Voteji ikatsika kapena kukwera n'kuononga filiji, wolipira ndani, ndipo mwini nyumba angapereke umboni wanji pomwe palibe chomwe chimasunga mbiri ya voteji ya pakhomo pake? Wopereka magetsi atha kuloza mawaya a m'nyumba ndi anthu olumikiza mwakuba omwe amalemetsa thiransifoma, mwini nyumba atha kuloza thiransifoma yomwe yakhala ikuwonjezeredwa nyumba zaka ndi zaka.

Palinso mtsutso pakati pa amisiri a sola eniake. Ena amati nyumba yaing'ono ingokhala pa DC, magetsi a batire oyenda mbali imodzi, mababu, TV ndi filiji za 12 V, osataya mphamvu mu inveta, ena amati ukatero wadzimangirira ku mawaya onenepa odula ndi zipangizo zosowa pa msika, bola 24 kapena 48 V ndi inveta yabwino. Ndipo pomwe nyumba zikudzaza ndi ma LED, machaja ndi ma TV omwe power factor yawo ndi yotsika, mita za m'nyumba zikuwerengabe ma kWh okha, pomwe makampani akuluakulu amalipiritsidwanso pa ma kVA (1 kVA ndi ma VA 1,000). Kodi tsiku lina nyumba nazo zidzalipira pa ma VA, kapena opanga zipangizo ndi amene akakamizidwe kuzikonza zisanalowe m'dziko?